Mayamiko Amaona Kutsogolo Kokha

Tryness Mwanza anabadwira ku Sinda koma anakwatiwa ku Vubwi, kwa a Godfrey Sakala, mlimi wa thonje. Pamsika Tryness amadziwika ndi zitenje. Amakapikula kutsidya ku Malawi n'kumazigulitsa atazipachika pachingwe, pafupi ndi chigayo.

Mwana wake wachitatu, Mayamiko, ali ndi miyezi isanu anayamba kudzidzimuka modabwitsa. Akangodzuka kutulo ankagwetsa mutu pachifuwa, timanja n'kutambasuka, kenako kulira. Zinkabwera motsatizana, mwina kakhumi. Kumwetulira anasiya. Kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, komwe adokotala anati ndi khunyu logwira makanda, ndipo likalekereredwa limawononga ubongo. Anawapatsa mankhwala a ufa, a m'timapaketi, osungunula m'madzi.

"Mayi, mumvetsetse," anatero adokotalawo. "Mankhwalawa amathandiza, koma ana ena amawawononga maso. Pakatha miyezi itatu mubwere naye timuyeze. Si omwa mpaka kalekale. Nthawi ikakwana tidzayamba kumuchepetsera."

Tryness anavomera, koma mtima wake wonse unali pa kudzidzimuka kuja. Sabata ziwiri zisanathe kunalekeratu, ndipo Mayamiko anayambanso kuseka.

Tsiku lobwerera linagwera pakati pa dzinja, msewu uli matope okhaokha, kumunda udzu utakula. "Mwana ali bwinobwino, tikatani kumeneko?" anatero Tryness, ndipo a Sakala sanatsutse. Koma kusiya mankhwala ankaopa. Timapaketi titatsala pang'ono, anajambula kamodzi pafoni n'kutumizira mchimwene wake Vincent, woyendetsa minibasi ya ku Lusaka. Vincent anafufuza mpaka anawapeza, ndipo ankatumiza mwezi ndi mwezi. Mayamiko anamwa mankhwalawo zaka ziwiri popanda womuyeza.

Atayamba kuyenda, mwanayo ankagunda chilichonse. Polowa m'nyumba phewa linkamenya felemu ya chitseko. Ndowa yoikidwa pambali ankaikankha, madzi n'kutayika. Mbale ankaponda. Tryness, atatopa ndi ulendo wa kumalire, ankakalipa: "Kodi ulibe maso?" Nthawi zambiri khofi linkatsatira.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Mayamiko anagundidwa ndi njinga pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa amayi ake. Wanjingayo analiza belu, koma mwana analowa mumsewu ngati mulibe kanthu. Anachekeka pamphumi. Tryness anamudzutsa, mkwiyo ndi mantha zitasakanikirana.

"Chinjinga chonsechi sunachione?"

"Sindinachione, amama. Chinachokera kumbali."

"Ndiye kumbali ulibe maso?"

"Kumbali sikuoneka. Inunso mukaima pambali panga mumasowa."

Anayankhula mosadandaula, poganiza kuti anthu onse amaona choncho. Tryness anamuuza kuti ayang'ane chigayo osatembenuka, n'kukweza dzanja pafupi ndi khutu lake. Mwana sanaphethire. Analigwedeza, koma mwana anangoti duu. Pamenepo ndi pamene Tryness anazindikira kuti makofi onse aja ankamufikira asakuwaona n'komwe. Anakhala pansi pafumbi, zitenje n'kuzisiya zili pachingwe.

Kuchipatala cha maso anamuyeza tsiku lonse. Anati Mayamiko amaona ngati munthu wosuzumira mupaipi: kutsogolo kuli mbee, m'mbali mulibe. Magalasi sangathandize, ndipo zotayikazo sizibwerera.

"Adokotala, ndikanabwera naye nthawi ija, bwenzi akuona?"

"Sindikunamizani, mayi. Mwina zikanachepa, chifukwa tikanamusiyitsa msanga. Mwinanso ayi. Koma dziwani kuti popanda mankhwala aja, mwana uyu mwina sakanayenda kapena kuyankhula."

A Sakala amawabwereza kawirikawiri mawu omalizawo pofuna kumutonthoza mkazi wawo. Tryness amangogwira oyamba aja, akuti mwina zikanachepa.

Lero Mayamiko ali giredi folo. Aphunzitsi ake, a Precious Lungu, anamuika pampando wapakati kuti bolodi lizikhala patsogolo pake, ndipo masamu amakhoza kuposa anzake ambiri. Anaphunzira kutembenuza mutu wonse asanawoloke. Kunyumba ndowa ndi mbale zili ndi malo ake, palibe wololedwa kuzisiya panjira. Akamayenda awiriwiri, Tryness amakhala mbali ya msewu. Akafuna kumuyankhula, amayamba wazungulira n'kuima kutsogolo kwake.

Kusikelo anamwino amamupempha Tryness nthawi zina kuti ayankhule ndi amayi a ana akhunyu. Amawauza kuti mankhwala asamasiye okha, asamapitirizenso okha, ndipo tsiku lolembedwa pakhadi azipita ngakhale kugwe mvula yotani. Zimenezo amazikamba mosavuta.

Za kumenya kuja sanauzepo gulu. Tsiku lina akumuluka tsitsi anamufunsa Mayamiko ngati amakumbukira. Mwanayo anati amakumbukira, ndipo nthawi imeneyo ankaganiza kuti amayi ake amakonda achemwali ake okha. Tryness anamaliza mzere umene anali kuluka. Wotsatira unamukanika, ndipo Mayamiko anapita kusukulu m'mawa mwake atavala duku.