Ndimu wa Elestina

Elestina, mlongo wanga wa ku Likoswe, anali ndi mwana wake woyamba, Yesaya, kumsana pamene otemera nthomba anabwera mu 1947. Anali ataona khanda la mayi wina, a Nester, litatupa mkono atalitemera, choncho anafunsa, "Bambo, wangayu satupa?"

"Choka apa, abwere wina!" anakalipa wotemerayo, atamukanda kale Yesaya ndi kampeni.

Kuseri kwa tchalitchi Elestina anafinyira ndimu pabalapo kuti mankhwala asalowe, monga ankachitira amayi ambiri. Chaka chotsatira nthomba inafika m'mudzi. Yesaya anachira, koma anachita khungu. Mayi ake anamutsogolera mpaka ukalamba wawo, anthu akuwanena kuti mbuli. Ine mpaka lero sindinamukhululukire wotemera uja.