Mpira Wagalasi ndi Diresi Lobwereka

Ndikukumbukira Loweruka lina m'nyengo yozizira, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mawa lake ndinkayenera kulandira Ukaristia koyamba, koma diresi loyera limene amayi anabwereka kwa azakhali ku Mayani linali lonyowabe. Nkhungu inali itakuta Phiri la Dedza, mitengo ya paini ikungodontha madzi. Ndinapempha kuti tiliyanike pamoto, amayi n'kukana.

"Likada ndi utsi tikawauza chiyani eni ake?"

Ndinalira koopsa, poti popanda diresilo ndikanadikira chaka china.

Abambo ankagwira ntchito yoyeza nyengo chakumtunda kwa phirilo. Atatopa ndi kulira kwangako ananditenga mpaka kumpanda wa zipangizo zawo. Pachipilala panali mpira wagalasi, waukulu ngati lalanje, kumbuyo kwake kuli kakhadi. Dzuwa likawala, mpirawo unkasonkhanitsa kuwala n'kuwotcha mzere pakakhadipo. Abambo ankakonda kunong'ona kuti ndi khadi lokhalo limene a chipani sankalifunsa pamsika.

"Ababa, ufunseni ngati dzuwa lituluke," ndinatero.

"Uwu sulosera, mayi," anaseka abambo. "Umangogwira limene lafika. Khala apa, maso pakhadi."

Ndinakhala pamwala wozizira, mano akugwedera, mumtima ndikuti abambo andipusitsa. Kumwamba kunali mbuu, kopanda ndi mpata womwe. Chakumasana ndinamva kafungo ka pepala lopsa. Kuyang'anitsitsa, kadontho kofiirira! Pakhungu panga ndinali ndisanamve kutentha kulikonse.

"Nkhungu yayamba kupyapyala kuno kumtunda," anatero abambo. "Thamanga, dzuwa likupeze utayanika kale!"

Ndinatsetsereka phirilo ngati mbuzi. Amayi anapachika diresi pachingwe kunja kukadali nkhungu, anansi akutiseka kuti tapenga. Posachedwa dzuwa linatulukadi, kamphepo kakuwomba. Pamene ena ankatulutsa zovala zawo, mitambo inali itayamba kale kutseka. Diresi lathu linali litauma, kupatula m'mphepete, momwe amayi anamalizitsa ndi simbi yamakala.

Madzulo abambo anandionetsa kakhadi kaja. Mzere wopsa sunkatalika kuposa chala changa.

Abambowo anatisiya kalekale, ndipo ine ndakalambira konkuno kwa nkhungu, osadandaula. Ndikamva munthu akuti zaka zake zonse zinali za mitambo yokhayokha, sinditsutsa. Ndimangodziwa kuti dzuwa la tsiku lija linali lalifupi ngati chala cha mwana, koma poti linatipeza tili tcheru, ndinakagwada kuguwa nditavala zoyera.