Ndinkayanjanitsa Amereka ndi Tchaina

Ndinachoka ku Mchinji chifukwa cha bodza la msuweni wanga, amene anati ku Lusaka telala amadya nyama tsiku lililonse. Ndinasenza makina anga osokera, n'kusiya mkazi wanga Asiyatu ali ndi pakati, khomo lake moyang'anana ndi la amayi anga. Awiriwa sankapatsana ndi mchere womwe.

Ndinafika ku komboni ya Chawama mu Lusakamo kaunjika, amene kumeneko amati salaula, ali mbwee! Ndani akanasoketsa malaya? Anandipulumutsa ndi Ba Mwansa, mayi wa kabungwe kolimbikitsa mtendere ndi ufulu wa anthu.

"Ba Malawi, bwelani mutisokeleko," anatero. "Aba bakulubakulu bakamenyana, ni ise tizafa."

Ankanena Amereka ndi Tchaina, amene masiku amenewo ankalozana zala pa wailesi. Ndinkasoka nsalu zazitali zolembapo mawu, n'kuzinyamulanso ndekha pa perete poti anthu ankachepa. M'mawa tinkaima pa geti la kazembe uyu, masana pa la winayo, kuti asati tikukondera. Otimvera anali alonda okha, ndipo mmodzi ankatipempha madzi akumwa. Ine ndinkaseka, koma Ba Mwansa sankasewera. Mchimwene wawo anaponda bomba kumalire, la nkhondo ya eni ake.

Malipiro anali matisheti ojambulidwa nkhunda ya mtendere, ndipo kumudzi ndinkatumiza omwewo. Mayankho ankabwera ndi kondakitala wa basi: amayi akuti mpongozi wawo ndi waulesi, Asiyatu akuti apongozi apha nkhuku yake. Ndinkasungulumwa kwambiri, koma kunena zoona nkhondo imeneyo ndinkaiopa kuposa ya mabomba. Zaka zinapita ndili phee.

Kenako uthenga unabwera woti Asiyatu akumanga katundu, banja latha. Apo ndiye ndinakwera basi mtima uli m'mwamba.

Nditafika ndinawakhazika pansi monga ankatiphunzitsira Ba Mwansa: wolankhula agwire ndodo, ena onse akhale chete. Ndodo panalibe, ndinatenga mthiko n'kupatsa amayi.

"Ife tinasiya kukangana tsiku limene mwana anabadwa," anatero amayi. "Ndinamulandira ndine. Mauthenga aja tinkapangana, kuti mwina ubwera kudzaleretsa."

Asiyatu analandira mthiko. "Titaona kuti ndewu siikukusunthani, tinati tiyese ya katundu. Azungu ndi Matchaina aja anagwirizana?"

"Ayi, koma..."

"Khala chete, mthiko suli ndi iwe," anandidula amayi.

Awiriwa anaseka mpaka kuombana m'manja. Ine manyazi anandigwira. Pamenepo panafika kamtsikana kovala tisheti yanga ya nkhunda yofika m'mapazi, mphumi ngati yanga yomwe. Asiyatu anakapatsa mthiko kuti nakonso kanene zake.

Kanandiyang'ana kuyambira kunsapato, kenako kanatembenukira kwa agogo ake.

"Agogo, alendowa agona konkuno?"

Mthiko unali m'manja mwake, ndiye lamulo langa lomwe linandiletsa kuyankha.