Thonje la Mayi a Joyce

Alangizi a thonje amene tinayandikana nawo nyumba kuno ku Chinguluwe ndi bambo osakonda zongoyerekeza. Masana aliwonse amawerenga choyezera kutentha chimene anachipachika pamtengo wa bwemba, n'kuwonkhetsa kutentha kwa tsikulo ndi kwa masiku onse kuyambira tsiku lodzala. Akuti, ngati ndinamva bwino, chiwerengerocho chikafika pamlingo wake thonje limasweka. Alimi a pasikimu ya thonje ya kuno akawafunsa za nthawi yotola, amayankha kuti, "Thonje siliwerenga miyezi, limawerenga dzuwa."

Chaka chatha, cha 1974, akazi awo, mayi a Joyce, anagona ndi chifuwa atangomaliza kupalira kamunda kawo. Mu Epulo anafunsa kuti, "Bambo a Joyce, thonje langa lija ndiliona litayera?"

Bambowo anabwereza masamu awo. Mitambo inali itachuluka chaka chimenecho, moti kutentha kunali kusanakwane. Kunatsala milungu ingapo, koma adokotala anali atawauza kale pambali kuti mayiwo milungu yotero sadzaifika. Bambowo anapita kumunda, nathyola chipatso chimodzi cha thonje chobiriwira, nachiyanika padenga la malata mpaka chinang'ambika, kenako anapita nacho kwa akazi awo.

Mayiwo analipapasa thonjelo ndi zala zawo zowonda, uku akumwetulira. "Ili mwachita kulikakamiza, n'losakhwima. Mwakalamba osadziwa kunama, inu. Ndiye kuti sindiliona eti?"

Bambowo anangogwada pamphasapo.

"Basi," anatero mayiwo. "Mumuitane Joyce ku Chipoka adzakuthandizeni kutola. Nokha simungathe ndi msana wanuwo."