Ndinawalira Ali Chiimire, Tesita Ili M'manja

Amuna anga anagula tesita chaka chimene magetsi ankazima ngati akuphethira. Anaigula m'sitolo ya Amachaina ku Germiston, kanthu kachikasu kooneka ngati cholembera chonenepa. Ukakayandikiza pa waya woti muli moto, kamalira ti-ti-ti n'kumathwanima kofiira, osafunika kukhudza chitsulo. Atafika nako kunyumba anakaika patebulo n'kundichenjeza kuti ndisakagwire ndi manja amafuta. Chenjezo limeneli linkachokera kwa munthu amene anakula ndi koloboyi ku Dedza, amene babu yoyamba anaiyatsa ndevu zitamera kale.

Ntchito yawo ndi yaulonda pa nyumba yosungiramo katundu. Za magetsi zimene ankadziwa n'zakuti batani ukalidina kumawala. Koma kuyambira tsiku limenelo tesita inapeza malo m'thumba la malaya, pamtima penipeni, kamutu kali panja kuti anthu aziona. Ngakhale kutchalitchi inkapita nawo, ndipo tsiku lina inalira pakati pa pemphero chifukwa anakhala pafupi ndi chingwe cha sipika. Iwo sanachite manyazi. Anatsegula diso limodzi kuona ngati mpingo wonse wamva.

Ndisawalakwire, kanthuko kanali ndi ntchito. Ku Makause, kumene timakhala ku Joni kuno, mawaya amayenda paliponse, pansi m'matope, pamwamba pa madenga, ena opyapyala ngati ulusi, okokedwa ndi anthu amene kuno amawatcha izinyoka. Munthu umatha kugwira chitseko chako chomwe n'kumva dzanzi mpaka m'chigongono. Tsiku lina tesita inalira pa malata a mayi wina wa ku Mozambique amene ankadandaula kuti khoma limamuluma akamachapa, ndipo atafufuza anapeza waya wosupuka utatsamira denga. Amuna anga anapulumutsa munthu, zimenezo sindikana. Vuto ndi lakuti kupulumutsa munthu kamodzi kunawakwera kumutu ngati kachasu.

Anthu anayamba kuwatcha ainjiniya. Ankabwera ndi maketulo, masimbi, mawailesi akufa, iwo n'kumayendetsa tesita pamwamba pake nkhope ili gwa ngati sing'anga. Ikalira ankati muli vuto. Ikakhala chete ankati muli vuto lalikulu. Kukonza sankakonza kanthu, koma anthu ankachoka atakhutira, ena mpaka kuthokoza ndi manja awiri.

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Primrose. Kumeneko kunabwera munthu wamagetsi kudzakonza chitofu, ndipo ndinaona kuti asanakhulupirire tesita yake ankayamba waiyesa pa soketi yoti akudziwa kuti ikugwira, kenako pa waya wokayikitsawo, kenako n'kubwereranso pa soketi ija. Ndinawauza amuna anga madzulo ake, mwaulemu, ndikuwapatsa madzi osamba m'manja. Anandifunsa ngati masiku ano kukhitchini kwa abwana akupereka masatifiketi. Ndinangoti zikomo, mawu ena n'kuwameza.

M'mphepete mwa mikhukhu yathu, tizisakasa tamalata timene timakhalamo, mumadutsa mapolo ataliatali a mawaya akuluakulu opita ku mafakitale. Amenewo ngakhale izinyoka amawapatsa ulemu. Kukagwa mvula amachita kung'ung'udza, ndipo ife timadutsa pansi pake ndi zidebe pamutu ngati sitikumva.

Loweruka lina masana kunagwa mvula yamatalala, ya ku Joni kuno imene imabwera ngati yakwiyira munthu. Pa malata panali phokoso loti sumva ngakhale mawu ako. Itasiya tinatuluka n'kupeza waya mmodzi wa mapolo aja waduka, wagona chopingasa njira yopita kumpopi, nsonga yake ili m'matope pafupi ndi khomo lathu. Unali wonenepa ngati chala chachikulu, wotuwa, uli phee. Magetsi anali atazima kuyambira mvula isanayambe, inali nthawi yathu ya lodishedingi, kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera.

Anthu anasonkhana, ndipo panalibe amene anaitana ainjiniya, anadziitana okha. Anatuluka atavala patapata, tesita ili m'manja. Pagulupo panali mkulu wina wa ku Ntcheu amene anagwirapo ntchito m'migodi kalekale, tcheyamani wa bungwe lathu la maliro, munthu woti akafuna kumveka wanzeru amayankhula Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodi. Amuna anga anatambasula mkono, kuloza wayawo ndi tesita ali chapatali, kenako n'kusendera, n'kusenderanso. Tesita inali duu. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone kuti siikulira, ndipo mkulu uja anagwedeza mutu nati, "Yena file lo ntambo," kutanthauza kuti chingwecho chafa. Mawu a akulu atatuluka, nkhani inatha.

Nzeru imene anamangana amuna aja inali yakuti anyamule wayawo, aukoleke pa chitsulo chimene timamangapo chingwe choyanika zovala, kuti anthu azidutsa pansi. Chitsulo chimenecho chinakhomedwa ku malata a nyumba yathu. Wonyamula anali wodziwikiratu. Amuna anga anandituma kuti ndikawatengere magolovesi, ndipo magolovesi okhawo m'nyumbamo anali anga otsukira mbale, obooka chala chimodzi. Sindinasunthe, choncho anakatenga okha.

Sindikudziwa zambiri, koma ndinadziwa chimodzi: tesita inali chete chifukwa dera lonse linali chete. Bambo amene amayatsa magetsi amakhala mu ofesi kwinakwake, sadziwa kuti ku Makause kuli mlonda wa ku Dedza wagwira waya ndi golovesi yotsukira mbale. Nthawi yake ikakwana amangodina.

Koma pa chilangizo anamkungwi anandiuza momveka kuti mwamuna sadzudzulidwa pagulu, umakamuuzira kuchipinda. Ndinayesa njira yaulemu. Ndinawayandikira n'kunena chapansipansi kuti abwere kaye adzamwe tiyi, a masipala, ogwira ntchito za mzinda, abwera okha. Anandiyankha mokweza, kuti anzawo amve bwino.

"Mayi, tapitani m'nyumba. Izi n'zachimuna."

Amuna anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunatseka khomo lomaliza. Munthu woti anzake amusekerera chonchi sangabwerere m'mbuyo ngakhale mngelo atatsika. Ndinaona akukoka golovesi yachiwiri ndi mano.

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamasula chitenje, n'kuchimanga zolimba m'chiuno monga timachitira pa zovuta, ndinakhala pansi m'matope miyendo tambalale, manja kumutu, n'kuyamba.

"Mayo ine, amuna anga ine! Mwandisiya ndi yani ku Joni kuno!"

Sindinalire mwachinyengo ayi, ndinalira mwadongosolo lake. Ndinaitana atcheyamani kuti ayambe kufunafuna ngolo yokokedwa ndi galimoto yonyamulira bokosi. Ndinafunsa kuti akawauza ndani apongozi anga ku Dedza, mayi okalamba amene akudikira malata a nyumba yawo. Ndinatchula njira yonse imene adzadutse atagona chagada, Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, iwo amene amadana ndi thukuta. Ndinadandaula kuti apita atavala patapata, suti yawo ili kochapitsa.

Tsono kwathu ukamva kulira sufunsa kaye. Umayamba walira, kufunsa kumabwera pambuyo. Amayi a kumudzi amene anali kuseri kwa mikhukhu anatuluka akuthamanga, akumanga zitenje m'njira, kulira kuli pakamwa kale. Anandizungulira, ena kundigwira mapewa, wina anayambitsa nyimbo ya pamaliro ndipo inagwira bwino lomwe. Mayi wina wa ku Mangochi, misozi ili chuchuchu, anatembenukira munthu amene anali naye pafupi kuti afunse, ndipo munthuyo anali amuna anga, ali chiimire ndi magolovesi achikasu.

"Achimwene, watisiya ndani?"

Ndinawaloza ndi chala. Mayi uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata, kulira kunamuthera pakhosi, koma sanadziwe ngati n'koyenera kusiya. Anthu a mitundu ina anali atayamba kale kuseka, ena kujambula ndi mafoni. Wina wachangu anali ataimbira kale mlamu wanga ku Springs.

Amuna anga anaiwala waya. Anabwera kudzandidzutsa, akunong'ona mokukuta mano kuti ndawavula pagulu, ndidzuke msanga. Ndinawagwira mwendo ndi manja onse awiri, ndipo ndimakolopa nyumba ya zipinda zambiri tsiku ndi tsiku, manja anga si amasewera. Apa ndinene zoona: ndinayamba ngati njira yowaimitsa, koma nditagwira mwendo uja, wofunda, wamatope, ndinaliona bokosi lija ndi maso anga. Ndinadziona nditakhala m'basi ndekha, katundu wawo ali m'chikwama cha mizeremizere. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo kulira kumene kunatsatira sikunali kwa anthu oonerera.

A masipala anafika msanga, chinthu chimene sitinachionepo. Chimbudzi chikadzadza timawadikira mpaka kuiwala, koma wayayu amadyetsa mafakitale, osati ife. M'galimotomo munatsika mayi wamfupi wovala ovolosi ndi chipewa cholimba, ndipo asanapereke moni anatithamangitsa tonse ngati nkhuku, olira ndi oliridwa omwe. Ananena m'Chizulu kuti waya wotere ukagwa, nthaka yomwe yozungulira imaluma, munthu umatha kugwa usanaukhudze n'komwe.

Tesita yawo inali ina. Inali ngati kabotolo konenepa, ndipo anaimangirira kunsonga kwa ndodo yaitali yochita kusolola, yoposa nsungwi yothyolera mango. Mayi uja anavala magolovesi ofika m'zigongono, anadina batani kuti amve ngati chidacho chikulira, chinalira, kenako ali kutali anatambasulira ndodoyo ku waya. Chinakhala chete. Anachibweza, n'kudinanso batani, chinaliranso.

Amuna anga anamwetulira mano onse kuonekera. Anayang'ana atcheyamani, anayang'ana ine, nati, "Mwaona? Wakufa." Anafika mpaka potulutsa tesita yawo kukaonetsa mayi uja, ngati anthu a ntchito imodzi akumana. Mayiyo anaiyang'ana kamodzi n'kuwauza kuti, "Baba, hamba uyotesta iketela," ndiye kuti apite akayeze ketulo. Ngakhale chida chake chinali chete, wayawo sanaukhudze. Anayankhula pa wailesi yake ya m'manja, n'kudikira mpaka atamuuza kuti mzere umenewo authimitsa ndi kuutsekera, kenako anzake anakoleka zingwe zonenepa zopita m'nthaka. Apo m'pamene munthu woyamba anaika dzanja.

Anthu anayamba kundiyang'ana ngati wamisala, ndipo chitenje changa chinali matope okhaokha. Ena ankati akazi a masiku ano alibe mwambo. Ndinali nditayamba kudzifunsa ngati ndawonongeratu dzina la banja pachabe.

Akadali pa ntchito yokweza wayawo, mawailesi a m'mikhukhu yonse anabuka nthawi imodzi. Mafiriji anayamba kung'ung'udza, babu ya pakhomo pathu inayaka masanasana. Lodishedingi inali itatha, bambo wa mu ofesi uja anali atadina. Mzere wokhawo umene unatsala wozima ndi umene mayi uja anatseketsa. Maso a anthu anapita pa chitsulo choyanikira zovala, n'kutsata mpaka pa malata a nyumba yathu, pamene wayawo ukanakhala uli kolekekole. Atcheyamani anatsokomola n'kukumbukira kuti ali ndi kopita.

Musaganize kuti ndinathokozedwa. Uthenga wa maliro umathamanga kuposa basi, moti dzuwa lisanalowe apongozi anali ataimba foni akulira, ndipo mwana wawo anavutika kuwatsimikizira kuti amene akuyankhulayo ndi iye. Mlamu wanga anafika kuchokera ku Springs atavala jekete lakuda. Dzina la ainjiniya linafera pomwepo, anthu anayamba kuwatcha malemu, ndipo mpaka lero akamadutsa kumpopi amafunsidwa kuti kumanda kwacha bwanji. Masiku ambiri sanandiyankhule, ankadya atandifulatira. Akamafotokoza nkhaniyi kwa anzawo amati tesita yawo sinaname, waya unali wakufa, ndipo ine sinditsutsa chifukwa ndi zoona. Unali wakufa nthawi imene anauyeza.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, tikudutsa pansi pa mapolo aja, anachepetsa liwiro mpaka ndinawapeza. Anayang'ana m'mwamba, pamene analumikiza waya, kwa kanthawi. Kenako anafunsa osandiyang'ana, mawu ali pansi.

"Mayi, zikanachitikadi, mukanalira choncho?"

Ndinawauza kuti ayi. Misozi ya maliro awo ndinaitaya yonse m'matope tsiku lija iwo akumva, ndipo ina ndilibe. Akadzafunanso kunyamula waya wa mafakitale adziwiretu kuti adzadutsa Tete yense m'ngolo, ine nditakhala kutsogolo maso ali gwa, ndikudya chipisi.

Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunafike patali. Anandilanda chikwama chimene ndinanyamula, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane, ndipo tinayenda mpaka kunyumba iwo ali mbali ya mawaya.