Mpata Pakati pa Nyimbo ya Ukwati

Alamu anga amaphunzitsa kwaya, ndipo nyimbo amazilemba okha pa kompyuta. Kuuma mutu ndiye musanene: akapunthwa, wolakwa amakhala mwala.

Loweruka lina, oimba akudikira kale kutchalitchi, ndinawapeza pabalaza thukuta lili kamukamu. Pakati pa nyimbo ya ukwati pankaoneka timabokosi topanda noti ngakhale imodzi. Akatseka pulogalamuyo n'kutsegulanso, mpata uja uli pomwepo.

"Makina opusa!" anakalipa, n'kumenya tebulo. Foni inkangolira, iwo osayankha.

Achemwali anga, akazi awo, ankasita malaya pakona. Chisiyireni kwaya, amuna awo atawakalipira pagulu, za nyimbo sankayikapo mlomo.

Atasowa pogwira, alamu anadina pamene pamaonetsa mizere yobisidwa. Mzere wa alto, mawu amene achemwali ankaimba, unatulukira, manoti ali thoo. Anaubisa okha tsiku la mkanganolo, n'kuiwala.

Achemwali anaimika simbi bwinobwino.

"Bambo a ana, si mpata umenewo. Pamenepo nonse mumatseka pakamwa, woimba ndimakhala ine."