Mfuti ya kumbuyo kwa benchi

Ntchito ya ukalipentala itatha ku kampani, ndinakhala miyezi isanu osagwira sowo. Che Mussa, mwini nyumba yoonetsera kanema ku Kawale, ndi amene anandiitana. Anali atagula ampulifaya yotulutsa mawu mbali zisanu, ndipo ankafuna mabokosi a masipika akumbuyo.

Ndinawauza kuti mabokosi otere alipo mitundu iwiri. Lina limakhala ndi sipika imodzi yoloza m'khutu. Lina limakhala ndi ziwiri zoloza m'mbali, mawu amayamba agunda khoma. Ndinati tipange lachiwirilo, tipachike m'mwamba.

"Madala, ndikufuna chipolopolo chiziwadutsa pakhosi," anatero. "Lozetsani kwa anthu."

Ndinamvera. Ndinadula pulayiwudi, kumata guluu, kuika thonje m'kati, n'kukhomera mabokosiwo kumbuyo kwenikweni kwa benchi yomaliza.

Loweruka masana m'nyumba ya kanemamo munadzaza. Mawindo anali otseka ndi mapepala akuda, chitseko chinali chimodzi, chotsegukira m'kati. Mwezi umenewo mbava za mfuti zinali zitavuta m'deralo. Filimu inali ya nkhondo. Mfuti ya mufilimuyo italira m'masipika akumbuyo, wina anakuwa, "Atilowera!"

Mabenchi anathyoka. Anthu anapondana pachitseko. Bambo wina wogulitsa makala anathyoka mkono, fupa kuonekera. Anthu atatuluka anandipeza kuseri kwa nyumba ndikumanga waya, sikuludiraiva ili m'manja.

"Ndi uyu! Anali kumbuyo!"

Thabwa la benchi linanditera pakamwa, mano awiri pansi. Wina anandiponda dzanja mpaka chala chinalira. Ndinamva wina akuitanitsa tayala ndi palafini. Sindinapemphe chifundo kwa munthu.

Che Mussa anatsegula chitseko chonse, kubwezera filimu pamalo omwe aja, n'kukweza mawu. Mfuti inaliranso m'nyumba mopanda munthu. Onse anaima. Wa palafini uja anazemba.

Nditachoka kuchipatala ndinazula mabokosi aja. Ndinapanga a masipika awiri, kuwapachika pafupi ndi denga, mawu ake otsika kuposa akutsogolo. Chitseko ndinachitembenuza kuti chizitsegukira kunja. Che Mussa ankandipatsira misomali.

Sipika yakumbuyo siyenera kudziwika pomwe ili. Ndinkadziwa zimenezi tsiku loyamba lomwe, koma ndinagonjera mwini ntchito. Chala chija n'chokhota mpaka lero. Kasitomala akati ndilozetse kwa anthu, ndimamuonetsa chalacho, n'kunyamula sowo yanga.